Mimba ya pa koleji imayambira pa renti

Laciwiri lililonse usiku ndimathandiza pa pulogalamu ya acinyamata pa wailesi yathu kuno ku Chipata. Nchito yanga ndi yaing'ono. Ndimayankha foni, ndimawerenga mauthenga amene abwera, ndi kusankha amene tingawaulutse. Sindilipidwa kanthu, koma ndimamva zambiri zimene omvera sazimva, cifukwa mauthenga ena amayamba ndi mawu akuti "osawerenga pa wailesi".

Mwezi wathawu tinali kukamba za atsikana a m'makoleji ndi m'mayunivesiti amene amacotsa mimba. Foni inalira mpaka inatentha m'manja. Abambo ena a ku Kapata anati atsikana a masiku ano alibe mwambo. Amayi ena a ku Mchini anati vuto ndi mafoni ndi mathalauzi othina. M'busa wina anati dziko lino ndi la Cikhristu, onse ocita zimenezi amangidwe. Pa anthu onse amene anatuma foni usiku uja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anachula mwamuna. Ukanamva, ukanati mimba imagwa ndi mvula ya Disembala.

Pulogalamu itatha ndinapeza uthenga umene unalowa cakumapeto. Unali wa mtsikana wa caka caciwiri pa sukulu ina ya maphunziro apamwamba mumzinda muno. Pambuyo pake anandilola kuti ndinene mfundo yake, koma dzina ayi. Anati anamvetsera pulogalamu yonse ali gone m'boarding house, ndipo ali ndi funso limodzi cabe kwa abambo a ku Kapata aja: mwezi umene alandilodi anamukhomera loko pacitseko, mabuku ndi zovala zili mkati, iwo anali kuti ndi mwambo wawowo?

Funso limeneli landisowetsa tulo, ndipo ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Ife timakonda kuyamba nkhani ya kucotsa mimba pa tsiku limene mtsikana wameza mankhwala. Ine ndikuti tsiku limenelo ndi mapeto a ulendo. Ulendowo unayamba miyezi yambiri m'mbuyo, ndipo panjira panali anthu ambiri amene lero akuloza cala.

Tiyambe ndi ndalama, popeza ndiye muzu umene sitifuna kuufukula. Mtsikana wacokera ku Chadiza, ku Vubwi, ku Lundazi kapena ku Petauke. Makolo ake ndi alimi a cimanga, nshawa, soya, thonje kapena fodya. Mlimi amagwira ndalama kamodzi pacaka, akagulitsa zokolola m'nyengo yozizira. Koma koleji siidziwa za kalendala ya mlimi. Imafuna fizi kumayambiriro kwa caka, m'miyezi yomwe ija nkhokwe ili pululu ndipo kandalama kotsala kapita ku feteleza. Alandilodi nawo amafuna yawo mwezi ndi mwezi. Onjezani malasha, ufa, sopo, mapadi, kufotokopa manotsi, ndi mabando a intaneti cifukwa asainimenti masiku ano imabwera pa WhatsApp. Caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, mabanja ambiri analibe coti atumize. Ana awo sanasiye kudya cifukwa mvula yakana.

Wina anena kuti boma linabwezeretsa ndalama ya cakudya ya ophunzira, ija a ku UNZA amaichula kuti BC. Ndi zoona. Inacotsedwa mu 2019, inabwerera mu 2023. Koma ndalamayo ndi ya ophunzira a m'mayunivesiti a boma amene ali pa ngongole ya HELSB. Kuno kwathu ambiri ali m'makoleji a uphunzitsi, a unamwino, a nchito zamanja, kapena m'masukulu a private, ndipo ambiri a iwo ndalama imeneyo siwafika. Basare ya CDF yathandiza ena kulowa m'makoleji a nchito zamanja, ndipo sindikuinyoza. Komabe mwana wosawerengeka ali mumzinda muno ndi fizi yolipira theka ndi m'mimba mopanda kanthu.

Apa ndipo pamalowa uja timamuchula blesser. Musamuganize ngati nkhalamba ya mimba yaikulu ya m'masewero a pa TV. Nthawi zambiri ndi munthu waulemu wake: wa mu ofesi, wamalonda wa ku Down Shops, wogula soya m'midzi, dalaivala wa thiraki yodutsa pa Mwami, kapena amene wabwera ku wekishopu ya masiku atatu ndi alawansi m'thumba. Ena a iwo Lamulungu amakhala pa mpando wakutsogolo. Sayamba ndi kupempha thupi. Amayamba ndi talk time. Kenako ka Airtel Money kakuti ugule ndiwo. Kenako amva za loko ya alandilodi, nati usadandaule mwana wanga, ndilipira. Mwezi wacitatu mtsikana ali ndi ngongole imene siinalembedwe pa pepala, koma onse awiri akudziwa kabwezedwe kake.

Ndipo mfundo yanga yaikulu ili apa: amene amalipira renti ndi amene amalamula za kondomu. Mungamuphunzitse mtsikana za makondomu kuyambira Giredi 5 mpaka digiri, mungamupatse bokosi lonse laulere, koma ngati mwamuna wanena kuti ine zimenezo sindifuna, ndipo mawa ndi tsiku la renti, maphunziro onse aja amakhala m'cikwama. Si kuti mtsikanayo sadziwa za matenda. Akudziwa bwino lomwe. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti pa akazi a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ali ndi HIV, pamene pa amuna ndi 8. Kusiyana kumeneku kuli ndi zifukwa zingapo, ndipo cimodzi mwa izo ndi comweci: amuna akuluakulu a ndalama ndi atsikana aang'ono opanda mawu.

Palinso wina amene sapereka ndalama koma amapereka mamakisi. Uyu ndiye woopsa kuposa onse, cifukwa blesser ungamuthawe, koma lecturer amene wagwira tsogolo lako m'manja umuthawira kuti? Ndi khoswe wa pamkhate. Mtsikana akafuna kudandaula, amapeza kuti wolandira dandaulo amamwera limodzi tiyi ndi wodandauliridwayo. Sindikunena kuti ma lecturer onse ndi otero. Ambiri ndi anthu abwino, ena mpaka amalipirira ana a eni fizi mwakacetecete. Koma wophunzira aliyense mumzinda muno angakuuzeni ofesi imene mtsikana salowamo yekha, ndipo ngati ophunzira akuidziwa, akuluakulu a sukulu sangatiuze kuti sakuidziwa.

Ndisaname, anzanga, si zonse zimene zili za umphawi. Pali mtsikana amene kwawo amatumiza zokwanira, koma mnzake wa pabedi loyandikana ali ndi iPhone ndi tsitsi la mtengo woposa fizi ya temu, ndipo zithunzi za pa Facebook ndi TikTok sizionetsa amene analipira. Mtima umamuwawa, nayenso afuna. Palinso amene wangokonda cabe. Zaka 19, nthawi yoyamba kukhala kutali ndi maso a amayi, mnyamata wa m'kalasi mwake wamuuza mawu okoma, thupi nalo lili ndi zofuna zake. Zimenezi si zacilendo ndipo sizinayambe ndi mafoni. Agogo athu ambiri pa zaka 19 anali ndi ana awiri. Cimene casintha ndi cakuti lero timauza mtsikana kuti adikire ukwati mpaka amalize sukulu ndi kupeza nchito, mwina zaka 26 kapena 28, koma sitimuuza ciliconse ca mmene angadutsire zaka khumi za pakatipo, kupatula mawu amodzi akuti "uzisunge".

Kunyumba nkhaniyi siikambidwa. Amayi sangaikambe ndi mwana wawo, ati ndi mwambo, ndi nchito ya azakhali kapena alangizi. Alangizi nawo ali ndi nzeru zambiri za ukhondo, za ulemu, za kasungidwe ka mwamuna m'nyumba. Koma funsani mtsikana amene anavinidwa ngati anamuuza zoti acite kondomu ikang'ambika, kapena mmene angakanire mwamuna wamkulu amene wamulipirira renti. Kusukulu, maphunziro a za kugonana ndi umoyo analowa mu silabasi mu 2014, ndipo mu 2020 panabuka mkangano waukulu, ena akufuna kuti acotsedwe. Ife amene tinamaliza sukulu 2014 isanafike tinaphunzira zonse kwa anzathu m'domitore, ndipo theka la zimene tinaphunzira linali bodza. Pamene tikukangana ngati ana ayenera kumva zimenezi, kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti pa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali kale ndi mwana kapena ndi pathupi, ndipo kuno kum'mawa ciwerengero cinali cokwera kuposa pamenepo. Amene wafika pa koleji wopanda mwana ndi amene wapulumuka kale pa mpata wopapatiza.

Nanga bwanji osapita ku kiliniki, poti njira zakulera m'zipatala za boma ndi zaulere? Chipata inalandira ulemu wokhala city mu 2017, koma tonse tikudziwa kuti ndi mudzi waukulu. Pamzere wa za kulera umakumana ndi mkazi wa amalume. Amene akulemba khadi ndi mayi wa m'bungwe limodzi ndi amayi ako kuchalichi. Mnzanga wina anapita kukapempha jekeseni pa kiliniki ina, ndipo anafunsidwa mokweza, anthu onse akumva, kuti mwamuna wake ali kuti. Sanabwererenso. Alipo anamwino abwino, ndipo m'makiliniki ena muli kangodya ka acinyamata, koma mawu amodzi onyoza amayenda m'boarding house yonse dzuwa lisanalowe. Cotsatira cake, atsikana amadalira mapilisi a pangozi ogula pa famase, mwezi ndi mwezi, ngati ndiyo njira yakulera. Ena amakana jekeseni ati imaumitsa cibaliro. Siiumitsa. Ukasiya, pathupi pangacedweko miyezi ingapo, koma kubereka kumabwerera. Mapilisi a pangozi nawo amagwira bwino ukamwa msanga, makamaka m'masiku atatu oyamba, ndipo sacotsa mimba imene yakhala kale. Ndipo ngati wagwiriridwa kapena kondomu yang'ambika, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Zinthu zing'onozing'ono zimenezi ndi zimene ndimafunsidwa kwambiri m'mauthenga a "osawerenga pa wailesi", ndi anthu amene akuphunzira madipuloma.

Tsopano ndikuuzeni cifukwa cimene nkhaniyi siili ya pa wailesi cabe kwa ine.

Pamene ndinali kucita satifiketi yanga, ndinali kugona cipinda cimodzi ndi mnzanga amene tinali kudyera mbale imodzi. Atate ake anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti iye aphunzire, ndipo anali woyamba m'banja lawo kupitirira Giredi 12. Anatenga mimba ya mwamuna wapabanja amene anali kumuthandiza. Atamuuza, mwamunayo anamupatsa ndalama m'envulopu, nasintha nambala ya foni. Mnzanga anapita kwa mayi wina m'komboni amene atsikana anali kunong'onezana za iye. Zimene anamucita kumeneko sanandiuze zonse, ndipo sindinafunse.

Anataya magazi masiku atatu. Masiku atatu onsewo ine ndinali kucapa zitenje usiku kuti ena asaone, ndi kuuza anthu kuti ali ndi malungo. Tsiku laciwiri thupi linatentha ndipo m'cipinda munayamba kununkha. Ndinamupempha kuti tipite kucipatala, anakana akulira, ati akandimanga, ndipo atate akamva adzafa. Inenso ndinakhulupirira kuti akatimanga tonse awiri. Tsiku lacitatu m'bandakuca anasiya kundiyankha. Ndinathamanga kukadzutsa wa njinga, tinamukhazika pa keriya, ine ndikuthamanga pambali nditamugwira kuti asagwe. Kucipatala palibe amene anaitana apolisi. Anamulandira, anamuika magazi, anamucita opaleshoni. Moyo anaupulumutsa, koma cibaliro anacotsa cifukwa cinali citaonongeka. Dokotala anandifunsa funso limodzi: munali kuti masiku onsewa?

Mnzangayo ali moyo. Anakwatiwa, ndipo kwa apongozi ake amamuchula dzina lija timachula mkazi wosabala. Mwamuna wa envulopu uja ndimamuona mpaka lero mutauni, wanenepa.

Patapita zaka, pa maphunziro ena a anthu a pa wailesi, ndi pamene ndinamva koyamba kuti Zambia ili ndi lamulo lochedwa Termination of Pregnancy Act, la mu 1972. Ndinatuluka panja kukalira. Lamulo limeneli ndi lakale kuposa ine, kuposa ambiri a inu amene mukuwerenga, ndipo m'cipinda mwathu muja palibe amene anali kulidziwa.

Limanena kuti dokotala angathe kucotsa mimba m'cipatala ngati kupitiriza nayo kungaike moyo wa mayi pa ngozi, kapena kuvulaza umoyo wa thupi lake kapena wa maganizo ake, kapena umoyo wa ana amene ali nawo kale, kapenanso ngati pali ciopsezo cacikulu cakuti mwanayo adzabadwa ndi kulemala kwakukulu. Poganizira zimenezi, madokotala amaloledwa kuona msinkhu wa mayiyo ndi mmene zinthu zilili pa umoyo wake. Pamafunika madokotala atatu kuti avomereze, koma pa ngozi yadzidzidzi mmodzi ndi wokwana. Dokotala amene cikumbumtima cake sicimulola ali ndi ufulu wokana, pokhapokha ngati moyo wa mayi uli pa ngozi. Mu 2005 malamulo a milandu anasinthidwa kuti mwana wamkazi amene watenga mimba cifukwa cogwiriridwa athe kuthandizidwa. Kucotsa mimba kunja kwa malamulo amenewa, kwa mayi wa m'komboni kapena ndi mankhwala ogula mobisa, ndi mlandu ndithu. Koma si zoona kuti khomo la cipatala ndi lotseka kwa aliyense. Ndipo malangizo a Unduna wa Zaumoyo, amene anatuluka mu 2009 ndi kukonzedwanso mu 2017, amanena kuti mkazi amene wabwera ndi mavuto a mimba yocoka ayenera kupatsidwa cithandizo.

Ife awiri sitinali mbuli zokha m'dziko. Ofufuza ena anafunsa akazi a m'zigawo za Lusaka, Central ndi Copperbelt, ndipo zimene anafalitsa mu 2016 zinaonetsa kuti 16 cabe pa 100 alionse ndi amene anali kudziwa bwino zifukwa zimene lamulo limalola. Ngati ndi tero ku Lusaka ndi ku Migodi, kuli bwanji ku Vubwi? Kuno kumalire tilinso ndi cisokonezo cathu. Timamvera mawailesi a ku Malawi, tili ndi abale ku Mchinji, ndipo kumeneko lamulo ndi lothina kwambiri, ndipo bilu yofuna kulisintha inakanidwa ngakhale kukambidwa m'nyumba ya malamulo mu 2021. Timamva zimenezo n'kumaganiza kuti ndi mmenenso zilili tsidya lino la Mwami.

N'cifukwa ciani lamulo la zaka zoposa makumi asanu likukhala ngati cinsinsi? Cifukwa palibe wandale amene afuna kulichula. Kuyambira pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, lamuloli lakhala ngati mwana wa kunja kwa banja: alipo, akudya, koma alendo akabwera amamubisa kuseri. Mu 2016 panali referendamu ya Bill of Rights imene inali ndi mawu akuti moyo wa munthu umayamba mimba ikangokhala. Siinapite cifukwa mavoti ovomereza sanafike pa mlingo wofunika, ndipo lamulo la 1972 linakhalabe. Sitinalicotse, sitinaliphunzitsenso. Tinangosankha kukhala cete.

Ine ndine wopemphera. Ndimaimba kwaya, ndipo mng'ono wanga atabwera kwa ine ndi mimba, cinthu coyamba cimene ndingamuuze ndi cakuti tiyeni tilere, ndidzakuthandiza. Sindinalembe nkhaniyi kuti ndiuze munthu acotse. Amene amakhulupirira kuti kucotsa mimba ndi chimo ali ndi ufulu wolalikira zimenezo, ndipo ndimawamvetsa. Cimene ndikukana ndi bodza lakuti kukhala cete kumacepetsa kucotsa mimba. Sikucepetsa. Kumangosankha amene adzafa. Mwana wa munthu wa ndalama amakwera basi ya ku Lusaka Lacisanu, aonana ndi dokotala weniweni, Lolemba ali m'kalasi ndipo palibe adzadziwa. Mwana wa mlimi wa ku Chadiza amapita kwa mayi wa m'komboni. Onse awiri acita cinthu cimodzi, koma mmodzi yekha ndi amene timamunyamula pa njinga m'bandakuca.

Ndipo kwa abale anga a m'chalichi amene afunadi kuti mimba zisamacotsedwe, ndili ndi funso. Munayamba mwadzifunsa cimene mtsikana amaopa kwambiri, mpaka kulola kuika moyo wake m'manja mwa munthu wosaphunzira za udokotala? Saopa mwana. Amaopa ife. Amaopa tsiku limene adzaimitsidwa kwaya ndi kukhazikidwa ku benchi yakumbuyo, pamene mwini mimba akupitiriza kuwerenga zolengeza kutsogolo. Amaopa nkhope ya atate ake amene anagulitsa ng'ombe. Amaopa mlandu wa damage, pamene akuluakulu a mabanja awiri amakhala pansi kukambirana mtengo wake, ndalama n'kupita m'thumba la amalume, iye n'kutsala ndi mwana kumsana ndi maphunziro othera panjira. Amaopa kucotsedwa mu hostel. Kuyambira 1997 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana wa pasukulu kubwerera m'kalasi akabereka. Koma m'makoleji, aliyense ali ndi kacitidwe kake, ndipo ophunzira ambiri amene ndakamba nawo sadziwa cimene sukulu yawo ingacite atapezeka ndi pathupi. Amangomva mphekesera, ndipo mphekesera nthawi zonse imanena zoipitsitsa.

Ngati mufuna kuti asunge mimba, pangani kuti kusunga mimba kusakhale kutha kwa moyo wake. Koleji iliyonse mumzinda muno ilembe pa pepala, iike pa bolodi pamene aliyense angaone: ukakhala ndi pathupi malo ako sataika, mayeso udzalemba motere, udzabwerera motere. Ilembenso kumene wophunzira angakanene za lecturer wofuna thupi, ndipo wolandira dandaulo asakhale wa m'dipatimenti yomweyo. Zimenezi sizifuna ndalama ya ku IMF. Zifuna pepala ndi selotepi. Sukulu zimene ophunzira ake ambiri ndi ana a alimi zingathenso kulola kuti gawo lalikulu la fizi lizilipidwa pambuyo pa kukolola, m'malo motsekera ana kunja kwa mayeso mu Malichi.

Chalichi nayo ili ndi mphamvu imene boma lilibe. Ili ndi amayi a m'mabungwe amene angathe kulera khanda masana mayi wake ali m'kalasi. Ili ndi nyumba, ili ndi copereka. Ndikadakonda kuona mpingo umodzi cabe mu Chipata ukuimitsa mkulu wa mpingo amene wapereka mimba kwa wophunzira, poyera, monga mmene umaimitsira mtsikana.

Kwa anyamata anzanga amene mukuwerenga, inu a m'kalasi imodzi ndi atsikanawa, sindikuiwalani. Si mimba zonse zimene zili za ma blesser. Zambiri ndi zanu. Ndipo mawu amene atsikana amandiuza kuti anamva kwa inu ndi amodzimodzi, ngati munaphunzira pa sukulu imodzi: "Uli sure ni yanga?" Ena mumathamanga kukabwereka kaloba, kugula mapilisi kwa munthu wa pa WhatsApp amene simunamuonepo, kumupatsa mtsikana, kenako kuzima foni. Usiku umene magazi akana kuleka, amene amakhala naye ndi mnzake wa m'cipinda, mwana mnzake wa zaka 20 amene sadziwa kanthu. Ngati unali mwamuna pa kugona, khala mwamuna pa benchi ya cipatala.

Kwa iwe amene mwina uli m'cipinda ndi mnzako amene akutaya magazi pamene ukuwerenga izi: usacite zimene ndinacita ine. Magazi ambiri osaleka, thupi kutentha, fungo loipa, m'mimba kupweteka kwambiri, cizungulire, ciliconse mwa zimenezi, mutengere kucipatala tsopano lino, olo akane, olo akutukwane. Muuze dokotala zoona za zimene anamwa kapena kucitidwa, cifukwa zimamuthandiza kudziwa pogwira. Ngati anagwiriridwa, kuli Victim Support Unit ku polisi, ndipo nambala ya 933 ndi yaulere. Adzakukwiyira sabata imodzi. Ine mnzanga sanandikwiyire, koma ndikadakonda akadandikwiyira ali ndi cibaliro cake.

Nafenso a pa wailesi tili ndi mlandu wathu, ndipo ine ndili pakati. Ndimasankha mafoni a anthu okalipa cifukwa ndi amene amakometsa pulogalamu. M'busa uja wakuti amangidwe onse ndinamupatsa mphindi zinayi. Lamulo la 1972 sitinalichule ndi kamodzi komwe usiku uja, ndipo ine ndinali kulidziwa. Ndinaopa kuti akuluakulu a siteshoni adzalandira mafoni m'mawa.

Laciwiri lotsatira ndinapempha woulutsa kuti andipatse mpata, ndipo ndinawerenga funso la mtsikana uja monga mmene analilembera, la loko ya alandilodi. Foni inakhala zii kwa kanthawi, cinthu cimene sicicitika pa pulogalamu yathu. Abambo a ku Kapata sanatume. Amene anatuma anali abambo ena, mawu awo akumveka patali, netiweki ikudukaduka. Anati ali kumudzi, cakufupi ndi Chadiza. Anati ali ndi mwana wamkazi pa koleji ku Chipata, ndipo kuyambira mwezi wa Malichi mwanayo sanapemphepo ndalama ya renti. Iwo anali kuyamika Mulungu kuti mwana wawo ndi wodziwa kusunga ndalama.

Anakhala cete pang'ono, ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako anafunsa woulutsa kuti, kodi cipinda m'boarding house masiku ano ndi ndalama zingati pa mwezi, ndipo basi yoyamba yocoka ku Chadiza imafika nthawi yanji mutauni.